NYENGO YA PA DEDZA CHAKA CHONSE: USANA NDI WOFATSA, KOMA CHENJERANI NDI USIKU

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre akudziwa kuti basi ikamayandikira pa Dedza anthu amayamba kutseka mazenera, amayi nafunditsa ana awo zitenje. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa Dedza pali makilomita 85, kapena titi mailosi 53 monga amawerengera akuluakulu, koma mphepo ya malo awiriwa ndi yosiyana ndithu. Ena amati pa Dedza pamazizira chaka chonse. Ena amati nyengo yake ndi yokoma koposa m'dziko muno popeza sipatentha kwenikweni. Sabata ino tifuna kuwafotokozera awerengi athu mmene kutentha ndi kuzizira kumayendera pamalopa kuyambira Januwale kufikira Disembala.

Mutu wa nkhani yathu ndi uwu. Pa Dedza mwezi wotentha ndi mwezi wozizira sisiyana kwambiri. Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa usana ndi usiku wa tsiku lomwelo, ndiponso pakati pa munda wa kumtunda ndi dimba la kudambo. Munthu amene wamvetsa zimenezi angathe kupulumutsa mbewu zake, ziweto zake ndi ana ake.

MUYESO WA KUTENTHA

Poyamba tiyeni timvane za muyeso. Monga chimanga timayesa ndi thumba ndipo nsalu timayesa ndi mita, kutentha nako kuli ndi muyeso wake wotchedwa madigiri. Madzi amaundana ndi kuuma ngati mwala pa madigiri 0. Thupi la munthu wamoyo wabwino limakhala pa madigiri 37. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Tsono mukamva pa wailesi kuti lero kutentha kufika madigiri 25, dziwani kuti ndi tsiku lofunda bwino, loti munthu angathe kulima osavutika. Akati madigiri 10, tengani bulangete.

Ntchito yoyesa zimenezi ili m'manja mwa nthambi ya Boma yoona za nyengo, ndipo pa Dedza pali malo ake oyeserapo. Chipangizo choyesera amachiika m'kabokosi koyera kokhala ndi mipata yolowera mphepo, ndipo kabokosiko amakaimika pamwamba, osati pansi pa dothi. Manambala amene titchule m'nkhani ino ndi apakatikati, otengedwa pa zaka zambiri. Tsiku lina limapitirira pamenepo, tsiku lina limachepera.

CHIFUKWA CHAKE PA DEDZA PAMAZIZIRA

Boma la Dedza lili pamalo okwera koposa maboma onse a m'Malawi. Lili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndiko kuti mapazi oposa 5,000. Phiri la Dedza limene lili kumbuyo kwa tauniyi limafika mamita 2,198 pansonga pake. Lilongwe ali pa mamita 1,050 kapena kupitirira pang'ono, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500.

Ana a sukulu amakonda kufunsa kuti, nanga bwanji kuphiri kumazizira chikhalirecho ndiko kufupi ndi dzuwa? Yankho lake ndi lakuti dzuwa silitenthetsa mpweya kwenikweni. Limatenthetsa nthaka, ndipo nthakayo ndiyo imafunditsa mpweya umene uli pafupi nayo. Mpweya ukamakwera m'mwamba umamwazikana ndi kupepuka, ndipo pomwazikanapo umazizira. Motero munthu akakwera mamita 1,000 amapeza kuti kutentha kwatsika ndi madigiri 6 kapena 7.

Anthu a m'boma la Dedza amaziona okha zimenezi popanda kutuluka m'boma lawo. Munthu wochokera ku Bembeke m'mawa atavala jekete, akatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere nafika ku Golomoti kapena ku Mtakataka, jekete lija amalivula ali thukuta kamukamu. Boma ndi limodzi, mvula imayamba nthawi yofanana, koma wina ali m'chigwa cha kunyanja ndipo mnzake ali pamwamba pa mapiri. Ansembe amene anayambitsa mishoni ya Mua m'chigwamo m'chaka cha 1902 anavutika ndi kutentha ndi malungo, ndipo ku Bembeke, kumene anatsegula malo m'chaka cha 1910, ndiko ankakwera kukapumulirako.

Amayi nawo ali ndi umboni wawo kukhitchini. Pamalo okwera ngati pa Dedza madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pafupifupi pa madigiri 95. Ndicho chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni zambiri. Kuziviika m'madzi usiku ndi kuvundikira mphika pophika kumathandiza kusunga nkhuni.

DZINJA: DISEMBALA KUFIKIRA MALICHI

Pa miyezi imeneyi masana kutentha kumafika pafupifupi madigiri 23, ndipo usiku kumatsika kufika madigiri 15 kapena 16. Iyi ndiyo nyengo imene usana ndi usiku zimayandikana koposa, chifukwa mitambo ili ngati bulangete. Masana imatchinga dzuwa, ndipo usiku imaletsa kufunda kwa nthaka kuti kusathawire kumwamba. Mvula ya chaka chonse pa Dedza imakhala pakati pa mamilimita 900 ndi 1,000, ndipo yochuluka imagwa pa miyezi inayi imeneyi. Kawirikawiri m'mawa phiri limabisika m'nkhungu, ndipo mvumbi ungathe kugwa masiku angapo osalekeza.

Pali chinthu chodabwitsa apa. Dzuwa limadutsa pamutu penipeni pa Dedza kawiri pachaka, poyamba chakumayambiriro kwa Novembala, kachiwiri cham'kati mwa Febuluwale. Masiku ataliatali ali mu Disembala, pamene kumawala maola 13. Komabe Febuluwale satentha ngati Novembala, ndipo chifukwa chake ndi mitambo ija ndi chinyezi cha m'nthaka.

Kufunda pang'ono kotere ndiko kumene mbatata ya kachewere imakonda. Mbewu imeneyi imabereka bwino pamene nthaka ili pakati pa madigiri 15 ndi 20, ndipo kumalo otentha imangochita masamba osaika mbatata pansi. Ndicho chifukwa chake m'mbali mwa msewu kuyambira ku Dedza kufikira ku Lizulu ndi ku Tsangano mumadzaza zidebe za kachewere. Nyemba, kabichi ndi nsawawa nazo zimakondwa. Koma walira mvula walira matope. Nyengo yozizirira ndi yachinyezi yomweyo ndiyo imabweretsa matenda a chiwawu, amene amadetsa masamba a kachewere ndi tomato nawononga munda wonse pa masiku owerengeka. Mukaona nkhungu ndi mvumbi zikutsatizana, yenderani munda wanu tsiku ndi tsiku, ndipo funsani alangizi a zaulimi za mankhwala ndi za mitundu ya mbewu yopirira. Chimanga nacho chimachedwa kukhwima kumapiri kusiyana ndi kunyanja, kotero mlimi wa kumtunda asazengereze kubzala mvula yeniyeni ikagwa.

MASIKA: EPULO NDI MEYI

Mvula ikamatha mitambo imachepa ndipo thambo limayera. Masana kumakhalabe kofunda, madigiri 21 kapena 22, koma usiku umayamba kuluma. Mame amachuluka m'mawa kotero kuti woyenda m'njira ya udzu amanyowa ngati wawoloka mtsinje. Mphepo imatembenuka niyamba kuchokera kummwera chakum'mawa. Iyi ndi mphepo yomweyo imene asodzi a kunyanja amaitchula mwera.

Nthawi yokonzekera chisanu ndi imeneyi, pamene m'thumba muli ndalama za zokolola. Bambo wanzeru amagula bulangete ndi juzi za ana mu Meyi, osadikira kuti ana ayambe kutsokomola. Amamatanso ming'alu ya nyumba, nakonza khola la mbuzi ndi la nkhuku kuti mphepo isamalowe. Chimanga ndi nyemba ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba, pakuti dzuwa la kumapiri pa nyengo imeneyi silifulumira kuumitsa.

CHISANU: JUNI KUFIKIRA PAKATI PA OGASITI

Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yozizira koposa. Masana kutentha kumangofika madigiri 19, ndipo m'bandakucha kumatsika kufika madigiri 9 kapena 10. Masiku ndi aafupi, kumawala maola 11 ndi mphindi zochepa, ndipo dzuwa limayenda chopendekera kumpoto. Masiku ena mphepo yochokera ku nyanja ya mchere ya ku Mozambique imabweretsa mitambo yotsika ndi kamvula kowaza, kamene anthu a kummwera amati chiperoni. Tsiku lotero ndi lozizira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ana a sukulu opanda juzi amavutika kugwira cholembera.

Komatu usiku woopsa kwa mbewu si wa mitambo ayi. Usiku woopsa ndi umene thambo layera, nyenyezi zikuoneka zonse, mphepo yaleka kuwomba. Pa usiku wotero nthaka imataya kufunda kwake konse, ndipo mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatsetsereka kuchoka m'mapiri kutsata zigwa monga amachitira madzi. Paja madzi saiwala khwawa. Mpweyawo umakaunjikana m'madambo, ndipo m'dambo mungathe kuzizira madigiri angapo kuposa pamene pali kabokosi ka Boma kaja. Zaka zina kumafika pa madigiri 0, mame naundana pa masamba ngati mchere, ndipo dzuwa likatuluka mbewu zimaoneka ngati zathiridwa madzi otentha.

Popeza madimba ambiri ali m'madambo momwemo, mlimi ayenera kudziwa mbewu zimene zimapirira ndi zimene sizipirira. Tomato, nyemba, maungu, kachewere ndi chimanga chaching'ono zimapsa msanga ndi chisanu. Kabichi, mpiru, repu, anyezi ndi nsawawa zimalimba. Chifukwa chake mbewu zolimba zikhale pansi penipeni pa dambo, ndipo zosalimba zikhale m'mbali chakumtunda. Mukaona madzulo kuli zii ndipo kumwamba kulibe mtambo, thirirani dimba dzuwa lisanalowe, pakuti dothi lonyowa limasunga kufunda kuposa louma. Nazale muimangire kathandala ka udzu pamwamba, ndipo m'mawa dzuwa likakwera muchotseko udzuwo.

Chisanu chili ndi ubwino wakenso. Mitengo ya mapichesi imafuna kuzizira kuti iyoyole masamba ndi kupumula, ndipo ikapanda kuzizidwa sichita maluwa bwino. Ndicho chifukwa chake mapichesi amabala ku Dedza ndi ku Ntcheu koma osati ku Salima. Mitengo ya paini ya m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni nayo imakula bwino chifukwa cha nyengo yomweyi. Amene ali ndi maiwe a nsomba asadabwe akaona nsomba zikudya pang'ono ndi kuchedwa kukula pa miyezi imeneyi. Madzi akazizira nsomba zimafooka, kotero chakudya chochuluka chimangowola m'dziwe. Anapiye ndi ana a mbuzi ndiwo amafa msanga ndi mphepo, ndipo ayenera kugona pouma ndi potchingidwa.

CHILIMWE: SEPUTEMBALA KUFIKIRA NOVEMBALA

Chakumapeto kwa Ogasiti mphepo imawomba kwambiri, fumbi ndi akamvuluvulu zili ponseponse, ndipo kumayamba kufunda. Mu Seputembala mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba ofiira ngakhale mvula isanagwe. Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yotentha koposa, koma kutentha kwake pa Dedza kumangofika pafupifupi madigiri 25, ndipo usiku kumatsika kufika madigiri 15. Pa nthawi yomweyo ku Lilongwe kumafika madigiri 30, ku Salima kumapitirira 32, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje masiku ena kumafika 40, anthu nagona panja. Munthu wa pa Dedza amafundabe chofunda ngakhale mu Okutobala.

Choopsa cha nyengo imeneyi ndi moto. Udzu wauma, mphepo ikuwomba, ndipo moto wa osaka mbewa ungathe kutentha nkhalango ya paini imene yakula zaka makumi awiri. Chitopa nacho chimakonda kugwira nkhuku pa miyezi yomweyi, ndipo katemera ayenera kuperekedwa nthendayo isanafike m'mudzi. Mvula ya chizimalupsa ikagwa musathamangire kubzala. Dikirani mvula yonyowetsa nthaka bwino, imene kawirikawiri imabwera chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala.

TIYENI TIWERENGE PAMODZI

Tsono taonani manambala aja. Masana a mwezi wotentha koposa ndi madigiri 25, ndipo masana a mwezi wozizira koposa ndi madigiri 19. Kusiyana kwake ndi madigiri 6 okha pa chaka chathunthu. Koma pa tsiku limodzi la mu Julayi, masana ndi 19 ndipo m'bandakucha ndi 9, kusiyana kwa madigiri 10 pa maola owerengeka. Kudambo kusiyanako kumaposa pamenepa. Mlendo amene wafika pa Dedza masana amati kuno ndi kokoma, koma mwini mudzi amadziwa kuti mlandu uli m'bandakucha.

Nyumba nayo ili ndi mbali yake. Denga la malata limatentha masana ndi kuzizira msanga usiku, pamene denga la udzu limasunga kufunda. Amene mwafolera ndi malata mungathe kuika mphasa kapena nsungwi zoluka kunsi kwa malatawo, ndipo mudzaona kuti m'nyumba mwasintha.

MOTO M'NYUMBA NDI MOYO WA ANA

Apa tipempha awerengi athu kuti amvetsere bwino, pakuti ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Usiku ukazizira anthu ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona natseka chitseko ndi mazenera. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka amagona tulo tosadzuka nato. Banja lathunthu lingathe kutha usiku umodzi. Otherani moto madzulo pamalo podutsa mphepo, ndipo pokagona mbaula itulutsidwe panja. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba mmene muli makala, tsegulani zitseko, mtulutseni panja, ndipo thamangani naye kuchipatala.

Pa miyezi ya chisanu ana ambiri amapsa ndi moto chifukwa chogona pafupi ndi mafuwa. Mwana wokwawa asasiyidwe yekha pamoto, ndipo munthu wodwala khunyu asaothe moto popanda womuyang'anira. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balapo kwa nthawi ndithu, osapakapo ufa, mazira kapena dothi, ndipo mupite naye kuchipatala.

Chibayo chimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, koma utsi wa m'nyumba, kuthithikana ndi kuzizidwa zimachipatsa mpata. Mwana akamatsokomola, akamapuma mofulumira, ndipo pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, musadikire kuti kuche kawiri. Mwana wobadwa kumene amazizidwa msanga kuposa wamkulu. Avekedwe chipewa, agonekedwe pa chifuwa cha mayi wake khungu ndi khungu, ndipo asasambitsidwe tsiku loyamba.

Palinso bodza limene liyenera kutha, lakuti kumalo ozizira kulibe malungo. Ndi zoona kuti tizilombo ta malungo timachedwa kukula m'thupi la udzudzu kutentha kukatsika kufika madigiri 18, ndipo chifukwa cha ichi malungo ndi ocheperapo kumapiri. Koma m'dzinja udzudzu ulipo ndithu, ndipo munthu wa kumtunda akatsikira ku Mtakataka kukagula nsomba nagonako, malungo amamugwira kolimba popeza thupi lake silinawazolowere. Gonani m'neti chaka chonse, ndipo popita kunyanja muitenge.

NYENGO IKUSINTHA

Akuluakulu a ku Dedza amati kale kunkazizira kuposa lero, ndipo oyesa nyengo akugwirizana nawo. Kuyambira chaka cha 1960 kufikira 2006 kutentha kwa dziko la Malawi kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi, ndipo masiku ndi mausiku otentha anachuluka. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma kumbukirani kuti kukwera mamita 1,000 kumasintha madigiri 6 kapena 7. Ndiye kuti digiri imodzi ili ngati mudzi wonse watsetsereka mamita 150 kulowera kuchigwa. Zikatero udzudzu, anankafumbwe ndi tizilombo tina ta m'munda timapeza malo kumene kale kunali kozizira, ndipo mbewu zokonda kuzizira zimayamba kuvutika.

Chimene chikutenthetsa dziko lonse lapansi makamaka ndi utsi wa mafakitale, magalimoto ndi malasha a m'maiko olemera, ndipo munthu wa m'mudzi sangathe kuchiletsa yekha. Koma mitengo ya m'phiri ndi ya m'mbali mwa mitsinje ili m'manja mwa eni dera. Mitengo imapereka mthunzi masana, imatchinga mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti, ndiponso imasunga akasupe amene amathirira madimba m'chilimwe. Phiri likametedwa mpala, masana kumatentha kwambiri ndipo madzi amaphwa msanga.

Tipempha mafumu, aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awawerengere anzawo nkhaniyi pabwalo, makamaka mawu a mbaula ndi a chibayo, mwezi wa Juni usanafike. Mverani zanyengo pa wailesi, yang'anani kumwamba madzulo musanalowe m'nyumba, ndipo pamene simukumvetsa funsani alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo a m'dera lanu. Paja safunsa anadya phula.